Buku la Rachel Carson ndi DDT: kodi ndi zoona kuti linachulukitsa malungo ku Africa?

Nachisale

Akuluakulu, ndithandizeni. Buku la Silent Spring la Rachel Carson, lomwe linatuluka mu 1962, ena amalitamanda kuti linapulumutsa mbalame ndi mitsinje. Koma ena amati chifukwa cha bukuli mankhwala ophera tizilombo a DDT analetsedwa, udzudzu unaswana, ana ambiri ku Africa anafa ndi malungo. Tikhulupirire ziti? Nanga buku lakale chonchi munthu amaliwerenga bwanji kuti asameze chilichonse?

Mphunzitsi wa Sayansi

Mayi Nachisale, yambani ndi kulekanitsa kupopera kwa m'munda ndi kupopera kwa m'nyumba. Carson ankalimbana ndi koyambako: ndege kumwaza mankhwala pa nkhalango, madambo ndi m'matauni a ku America. Sanalembe kuti mankhwala ophera tizilombo atayidwe onse. Dandaulo lake linali kuwamwaza paliponse osayamba wafufuza zotsatira zake.

Mutu 1 musautenge ngati umboni. Ndi nthano ya tauni yongopeka, ndipo Carson mwini akunena zimenezo kumapeto kwa mutuwo. Umboni weniweni muupeza pa mutu 4, pa nkhani ya nyanja ya Clear Lake ku California. Kumeneko anathira DDD, m'bale wake wa DDT, mu 1949, 1954 ndi 1957 pofuna kupha tintchentche tovutitsa asodzi. Mlingo wake m'madzi sunapitirire 0.02 ppm. Ppm imodzi ndi miligalamu imodzi pa kilogalamu. Koma m'tizomera ndi tizilombo toyandama m'madzi anapezamo cha m'ma 5 ppm, m'nsomba zodya zomera 40 mpaka 300 ppm, ndipo m'mafuta a mbalame zodya nsomba zotchedwa grebe zomwe zinkafa, 1,600 ppm. Tengani cholembera mugawe 1,600 ndi 0.02: mupeza 80,000. Chifukwa chake n'chakuti mankhwalawa sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, choncho thupi silitha kuwatulutsa ndi mkodzo. Chamoyo chilichonse chimasunga poizoni wa zonse zomwe chadya pa moyo wake, chodzachidya n'kulandira mtolo wonsewo.

Mukawerenga manambala otere, muzifunsa nthawi zonse kuti ayeza mu chiyani: m'madzi, m'mnofu kapena m'mafuta. Ambiri amasochera pamenepa, n'kumayerekeza nambala ya m'mafuta a mbalame ndi ya madzi akumwa ngati n'chinthu chimodzi.

Wazaumoyo

Aphunzitsi afotokoza bwino za buku. Ine ndiyankhe za malungo, chifukwa mlandu umene akumuimba Carsonwu sukugwirizana ndi zaka.

Dziko la America linaletsa DDT mu 1972, patatha zaka zisanu ndi zitatu Carson atamwalira, ndipo chiletsocho chinali cha m'dziko mwawo. Pangano la mayiko la Stockholm la mu 2001 limalolabe DDT polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda, ndipo mu 2006 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenanso poyera kuti angathe kupoperedwa m'nyumba. Ntchito yaikulu ya WHO yofuna kuthetseratu malungo inayamba mu 1955 n'kusiyidwa mu 1969, ndipo mbali yaikulu ya Africa ya kumwera kwa Sahara sinafikiridwe mokwanira n'komwe. Chimodzi mwa zomwe zinaifooketsa ndi udzudzu wosamva mankhwala, womwe ku Greece unaonekera kale cha m'ma 1951. Carson analemba za vuto lomweli pa mutu 16. Mukamwaza mankhwala amodzimodzi m'minda ya thonje, madzi ake amatsikira m'zithaphwi moswanira udzudzu. Wofooka umafa, wolimba umatsala n'kubereka, ndipo pofika tsiku lopopera m'nyumba chida chabuntha kale.

Kupopera kwa m'nyumba n'kwa mlingo wochepa: magalamu 1 mpaka 2 pa sikweya mita ya khoma, ndipo mphamvu yake imatha kukhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Kumagwira ntchito chifukwa udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, ukayamwa magazi umalemedwa n'kutera pakhoma kuti upume. Zosokoneza zake n'zodziwika: eni nyumba kuzira kapena kupaka laimu khoma atangopopera, kukana opopera chifukwa DDT amasiya madontho oyera pakhoma la penti, komanso mankhwala kubedwa n'kukathera m'dimba.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomwe sitingaikane. South Africa inasiya DDT mu 1996 n'kutenga mankhwala a gulu la pyrethroid. Udzudzu wa Anopheles funestus wosamva mankhwala atsopanowo unabwerera ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 odwala malungo m'dzikomo anapitirira 60,000. Atabwezeretsa DDT chaka chomwecho, chiwerengero chinatsika kwambiri, ngakhale tisaiwale kuti mu 2001 anayambanso kupereka mankhwala atsopano a malungo okhala ndi artemisinin. Kumeneko DDT anagwira chifukwa funestus ameneyo ankagaya pyrethroid m'thupi mwake koma DDT ankamuphabe. Kwina, makamaka pa Anopheles gambiae, kusintha kumodzi kwa chibadwa kumateteza udzudzu ku mankhwala onse awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake asanasankhe chopopera amayamba agwira udzudzu wa m'deralo n'kuuyesa pa pepala lonyikidwa m'mankhwala.

Nachisale

Zikomo nonse. Ndiye kuti m'bukumo mulibe pofooka?

Mphunzitsi wa Sayansi

Mulipo, Mayi. Mutu 14 wonena za khansa ndi womwe wakalamba kwambiri. Carson anadalira maganizo a wasayansi Otto Warburg pa chiyambi cha khansa, omwe lero satengedwa ngati yankho lonse, ndipo sanapereke malo oyenera ku fodya, amene umboni wake unali utamveka kale m'zaka za m'ma 1950. Pa DDT penipeni, bungwe lofufuza za khansa la IARC mu 2015 linamuika m'gulu 2A, kutanthauza kuti mwina ndithu amayambitsa khansa mwa anthu koma umboni wake sunakwane.

Palinso chomwe anthu amachipachika pa bukuli chikhalirecho mulibe. Nkhani ya zigoba za mazira kupyapyala mpaka kusweka mbalame ikafungatira inatsimikizidwa pambuyo pake, ndi Derek Ratcliffe wa ku Britain mu 1967. Carson anaona kuti ziwombankhanga zaleka kuswa, koma chomwe chinkachitika m'dziramo chinali chisanadziwike.

Powerenga, lembani m'mphepete mwa tsamba dzina la mankhwala omwe akukambidwa. Nkhani zingapo zoopsa kwambiri m'bukumo si za DDT ayi, ndi za dieldrin, aldrin, heptachlor, endrin ndi parathion, omwe ndi aukali kuposa. Kenako tsegulani kumapeto kwa buku, komwe kuli masamba ambirimbiri osonyeza kumene anatenga mfundo zake, muone chaka cha kafukufuku aliyense. Zonse ndi za 1962 kubwerera m'mbuyo, choncho pa funso lililonse lokhudza thanzi la munthu mufunefune zomwe WHO yalemba posachedwapa.