Kodi munthu angayambire pati ntchito yofufuza za pamwamba pa zitsulo?

Wophunzira wa ku Zomba:
Chaka chino ndikumaliza digiri yoyamba ya fizikisi, ndipo mtima wanga uli pa kafukufuku wa zimene zimachitika pamwamba penipeni pa zinthu zolimba. Chidwichi chinayamba nditamva kuti Gerhard Ertl, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2007, anafotokoza mmene nayitrojeni amagawanikira pamwamba pa chitsulo popanga amoniya, amene ndiye gwero la feteleza wothira chimanga. Akuluakulu, ndiyambire pati, popeza zipangizo zake sindinazionepo ndi maso?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwasankha bwino mwanawe, koma dziwani kuti zipangizozo n'zodula pa chifukwa chomveka. Ngakhale mpweya wa m'makina oyezeramo chitsulo utachepetsedwa kutsala gawo limodzi mwa magawo biliyoni, pamwamba pa chitsulo choyeretsedwa pamakutidwanso ndi mamolekyulu m'sekondi imodzi yokha, motero ofufuza amapopa mpweyawo mopitirira apo kwambiri asanayeze chilichonse. Maikulosikopu ya STM, yoonera maatomu pamwamba pa chinthu, imene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga ku IBM ya ku Zurich mu 1981, imafunanso malo osagwedera n'komwe. Konzekerani kuchita masitazi ndi PhD kumene kuli labotale yotere, ndipo pambuyo pake padzakhala zaka za ntchito ya kontilakiti musanapeze malo okhazikika pa yunivesite.

Mayi wa ku Cape Town:
Bambo anena zoona, komabe musadikire makina. Zambiri za mmene atomu imakhalira pamwamba pa chitsulo zimawerengedwa pa kompyuta, ndipo pulogalamu yowerengera zimenezi ya Quantum ESPRESSO ndi yaulere. Sukulu ya ASESMA (African School on Electronic Structure Methods and Applications) yakhala ikuphunzitsa achinyamata a mu Africa luso limeneli kuyambira mu 2010, ndipo ICTP, likulu la kafukufuku wa fizikisi la ku Trieste ku Italy, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ophunzira kulowa PhD.

Mphunzitsi Wopuma:
Sindikutsutsa mayi, koma ndaona ophunzira akukhulupirira manambala a kompyuta chifukwa choti sanagwirepo sampulo yodetsedwa. Posankha woyang'anira kafukufuku wanu, funsani kaye ophunzira ake akale ngati amawalola kugwiritsa ntchito makinawo ndi manja awo.

Wophunzira wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi Quantum ESPRESSO tchuthi chino, ndipo ndikupempha mayi andiuze masamu amene ndiyenera kulimbikira poyamba.