Kodi "mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi" ndi malangizo kapena chitonthozo?

Wofunsa, wa kwa Santhe:

Akuluakulu, ndikupempha amene anakulira pamiyendo ya agogo awo andithandize kumasulira mwambi uwu, chifukwa ndaumva kawiri pa nthawi zofunika m'moyo wanga, ndipo anthu awiri amene anautchula ankatanthauza zinthu zosemphana.

Koyamba ndinali ndi zaka 9, pamene amalume anabwera pa njinga kudzanditenga kuti ndikakhale nawo ku Nkhamenya, kumene sukulu inali pafupi ndi nyumba. Mayi anga anabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndisaone misozi yawo, koma agogo, akumanga malaya anga awiri ndi mbatata zootcha m'kachitenje, anangoti, "Musiyeni apite, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Ndinabwerako patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyankhula Chitumbuka bwino lomwe, ndipo kuyambira pamenepo ndinkakhulupirira kuti mwambiwu umalangiza makolo kulola ana kuona zina.

Kachiwiri ndi mwezi watha, pamaliro a azakhali. Mwana wa mlongo wanga, amene wakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, anapereka moni kwa amfumu ali chiimire, chipewa chili kumutu, ndipo pamene anyamata anzake ankathandiza adzukulu kunyamula makasu iye anakhala m'galimoto akuyang'ana foni. Maso onse anali pa ine, popeza ndine mwini mbumba, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mkulu wina amene tinakhala naye pamphasa anapukusa mutu n'kunena mwambi womwewo, koma mawu ake ankamveka ngati akuti mwanayo tamutaya, wamwa madzi a kwina. Tsono tanthauzo lake lenileni ndi liti?

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Chamama:

Bambo, yambani mwayang'ana mneni. Mwambiwu sukuti "asakulire", umene ukanakhala lamulo, koma ukuti "sakulira", kutanthauza kuti ukungofotokoza mmene zinthu zimakhalira. Ndiponso sindikhulupirira kuti akale ankaganiza za ulendo wautali pounena. Mwana wa Mchewa ankasintha maiwe asanatuluke n'komwe m'mudzi mwake. Akasiya kuyamwa ankapita kukuka kwa agogo, kumene ankamva nthano ndi zilapi. Mnyamata akasinkhuka ankagona kumphala, masana ali kubusa kumene anzake ankamuphunzitsa kupirira ndi zibakera. Kenako ankalowa kudambwe, pamene mtsikana ankakhala pamaso pa anamkungwi. Mwamuna akakwatira ankasiyanso abale ake n'kukakhala mkamwini pamudzi pa eni ake, kumene apongozi ankamuyesa ndi khasu. Malo onsewa ankasiya chidindo chake pa munthu, ndipo palibe mayi kapena bambo amene akanati mwanayu ndamuumba ndekha.

Mukawerenga buku la Samuel Josiah Ntara lotchedwa Nthondo, limene linatuluka m'chaka cha 1933 ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira, mudzaona zomwezi. Wolembayo akumutsata munthu mmodzi kuchokera pa kubadwa, kupyola m'masiku ake a umbava ndi ulendo wake wokafuna ntchito kunja kwa dziko, mpaka kudzakhala mfumu, ndipo pa gawo lililonse khalidwe lake likutengera anthu amene amuzungulira. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mwana ankati akalowa m'kalasi tsiku loyamba, ndinkadziwa pa kakhalidwe ndi kalandiridwe kake ka choko ngati akuchokera kwa agogo kapena kwa makolo.

Mlimi wa m'mphepete mwa Bua:

Aphunzitsi, mwanena bwino, koma tiyeni tiifunsenso ng'onayo, popeza ife timakhala nayo. Ng'ona imaikira mazira mumchenga m'chilimwe, n'kuwalondera pafupifupi miyezi itatu, ndipo akaswa imanyamula anawo m'kamwa kuwapititsa kumadzi osaya. Sikhala nawo nthawi yaitali. Akakulako amachoka okha, chifukwa dziwe limene muli ng'ona zikuluzikulu si malo a kang'ona kotalika ngati mkono. Zinzake zomwezo zimakadya. Madzi akamaphwa mu Okutobala maiwe ena amasanduka matope, ndipo imene yakakamira pamenepo imavutika. Choncho imasamuka pothawa njala ndi mano, osati pokafuna maphunziro. Koma dziwe lililonse limene ingafike, imatulukamo ili ng'ona yomweyo.

Mnyamata wa ku Mtunthama:

Makolo anga, kuno kwathu mwambiwu ukatchulidwa anthu amaloza mtengo wa kachere umene Kamuzu Banda anaphunzirira pansi pake. Anachoka ali mnyamata wapansi, anagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, anaphunzira udokotala ku America ndi ku Edinburgh, anachiza odwala ku London ndi ku Ghana, ndipo anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atatha zaka zoposa 40 kunja. Pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira, komabe ndi mu ulamuliro wake momwe Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Ine sindidziwa ngati iye akuchitira umboni aphunzitsi kapena alimi a ku Bua.

Mayi wogulitsa mumsika, pa boma la Kasungu:

Abambo inu mukuukometsa mwambiwu chifukwa maiwe anu anali ndi nsomba. Makolo anga anachokera ku Phalombe kudzakhala matenanti m'maesiteti a fodya, ndipo ndisanakwanitse zaka 14 tinali titasamuka kanayi. Fodya akagulitsidwa, bwana ankawerengera chimanga, mchere ndi feteleza zimene tinatenga pa ngongole, ndipo zotsala zikachepa bambo ankamanga mphasa ndi mapoto kukayesa esiteti ina. Ine ndinakulira m'zigafa ndikusoka fodya, manja ali bii ndi phula lake, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 4 popeza kulikonse ndinkafika chaka chili pakati. Usiku woti mawa tinyamuka, mayi ankatiuza mwambi womwewu. Sankatilangiza ayi, ankadzitonthoza okha.

Chimene ndinatengako n'chakuti mpaka lero sindibzala mtengo wa zipatso pakhomo, ngakhale nyumbayo ndi yanga, ndipo ndimachedwa kuzolowerana ndi anansi. Chilomwe cha makolo anga ndimangochimva osatha kuyankha, ndipo kwa Achewa a kuno ndidakali mlendo pa nkhani za kumanda. Tsono achimwene amene mwafunsa, musanamuweruze mwana wa mlongo wanuyo, mufunseni kuti ku Johannesburg ankagona pati, ndiponso kuti ndi anthu angati kumeneko amene anamupatsa moni ndi manja awiri. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akubisa kumene akuchokera poopa kumenyedwa saiwala msanga kukhala chete pakona.

Wofunsa, wa kwa Santhe:

Zikomo nonse, makamaka inu mayi, chifukwa mwandikumbutsa chinthu chimene sindinachinene. Nditabwera kuchokera ku Nkhamenya, anzanga a kumphala anandiseka chaka chathunthu chifukwa cha kalankhulidwe kanga, ndipo amene ananditenga n'kundilowetsa m'gulu anali agogo aamuna, amene ankandituma dala kukapereka uthenga kwa amfumu kuti ndizolowere kukhala pansi ndi kuwomba m'manja ndisanayankhule. Ine sindinamuchitirepo zimenezi mwana wa mlongo wanga. Ndinangomulandira pa depoti n'kuyamikira nsapato zimene anandigulira.

Dzulo madzulo ndinapita naye kudimba kukathirira mpiru, ndipo pobwerera anandifunsa yekha ngati amfumu anakhumudwa. Tagwirizana kuti Loweruka tipita limodzi ndi nkhuku. Aphunzitsi a ku Chamama, funso limodzi latsala: agogo anga ankati "sakulira dziwe limodzi", koma mkulu wa pamaliro uja anati "sakulira m'dziwe limodzi". Kodi kalembedwe koyenera ndi kati?