Mtsikana wosaona akumaliza kalasi 9, ndimukonzekeretse bwanji?

Mphunzitsi wa ku Ulongue: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mtsikana wosaona, akumaliza kalasi 9 chaka chino. Mutu wake umagwira bwino, koma chikwama amamunyamulira mng'ono wake, mandasi amamugulira, ngakhale funso langa amamuyankhira. Minibasi ya chapa sanakwerepo yekha. Lamulo la maphunziro la 2018 kuno ku Mozambique limakakamiza sukulu mpaka kalasi 9 basi. Ndikuopa kuti akatuluka pano akangokhala pakhonde.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Yambani ndi mng'ono wakeyo amayi, akhale benchi lina. Kenako ndalama. Wanga ndinamuphunzitsa kupinda: ya 20 meticais osapinda, ya 50 pakati, ya 100 kawiri. Zachitsulo amazidziwa ndi chala. Mumutume choko ku ofesi, ngakhale achedwe.

Mphunzitsi wa ku Tsangano: Za ndalama ndavomera, koma zoti akwere chapa yekha ayi. Malole a mbatata amathamanga bwanji mumsewu muja. Akagundidwa, mayi ake adzaloza inu.

Mphunzitsi wa ku Tete: Abambo a ku Tsangano, mantha anuwo ndi oona, koma palibe akunena zomusiya pamsewu mawa. Ayambe ndi ndodo yoyera pabwalo la sukulu, kuchoka m'kalasi kupita ku chimbudzi, kenako pachipata, kenako pamsika wina akumutsatira kumbuyo osamugwira mkono. Ku CREI, malo othandiza maphunziro a ana olumala kuno ku Tete, ndi ku bungwe la osaona la ACAMO mungafunse za ndodo ndi zilembo za osaona za Braille.

Komanso kuyenda si zonse. Ku America, ofufuza Wehmeyer ndi Schwartz mu 1997 anatsatira achinyamata olumala m'nzeru ndi ovutika kuphunzira patatha chaka atamaliza sukulu. Amene anazolowera kudzisankhira ndi kudzilankhulira okha ndiwo ankapezeka kwambiri pa ntchito, malipiro awonso okwererapo. Ulumali wawo ndi wina, koma ine ndimaziona zomwezo kwa osaona. Kodi mwiniwakeyo munamufunsa chimene akufuna?

Mphunzitsi wa ku Ulongue: Ndamufunsa lero tili awiri. Anakhala chete nthawi yaitali, zala zikuseweretsa m'mphepete mwa desiki, kenako akuti akufuna kalasi 10, ndipo chiphaso cha unzika cha BI akufuna akatenge yekha, asamulankhulire munthu. Loweruka ndikaonana ndi mayi ake. Amayi a ku Tete, ndodo ya msinkhu wake timayeza bwanji?

Mphunzitsi wa ku Tete: Aimirire atavala nsapato, muyeze kuchokera pansi kufika pachifuwa. Munditumizire muyesowo.