Ndiyerekeze bwanji mtengo wa metformin m'maiko atatu?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kudziwa ngati metformin, mankhwala a shuga aja, akudula kuno ku Malawi kuposa ku Zambia ndi ku South Africa. Kungosinthira mitengo ku dola sikukundigwira mtima, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ya kubanki ndi ya pamsewu zimasiyana kwambiri.

A WHO ndi bungwe loona za mankhwala la Health Action International amawerengera masiku amene wantchito wa boma wolandira zochepetsetsa angagwire kuti agule mankhwala a mwezi wathunthu. Koma anthu ambiri kumudzi sapeza ngakhale ndalama imeneyo. Alipo anayesapo njirayi?

Nanga ku South Africa, komwe lamulo limati wopanga mankhwala azigulitsa pamtengo umodzi, ndiwonjezerepo ndalama imene famase imalipiritsa popereka mankhwala? Ndipo popeza mapaketi amasiyana kukula, ndiwerengere piritsi limodzilimodzi?