Kodi ndiwatenge ana ku konsati ya okestra, kapena ayambe akula kaye?

Make Awiri, Manchester

Moni nonse abale anga. Ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 8 ndi mlongo wake wa zaka 5. Mtsikanayu wayamba kuphunzira vayolini kusukulu, ndipo ndikufunitsitsa akaone ndi maso ake akatswiri akuliza chida chimenechi, osati pa YouTube pokha. Kuno kuli okestra (gulu lalikulu la oliza zida zoimbira) ya Hallé, yomwe inayamba kale mu 1858, ndipo imaimbira ku Bridgewater Hall. Nkhawa yanga ili pa mnyamatayu. Sakhazikika, ndipo funso likamufikira amangofunsa mokweza, kaya pali anthu kaya palibe. Konsati yamadzulo imatenga maola awiri. Inu amene munapitako ndi ana, munayamba bwanji?

Bambo wa ku Leeds

Mayi, yamadzulo ija isiyeni kaye. Fufuzani makonsati amene amakonzera mabanja. Amachitika masana, satalika, ndipo pamakhala munthu wofotokozera ana zimene zikuchitika. Mukapeza tsiku limene akuimba Peter and the Wolf, gulani matikiti osachedwa. Prokofiev anaipeka mu 1936 ku Moscow, ndipo anaipekera ana enieniwo. Ndi nthano yokhala ndi wofotokoza, ndipo aliyense wa m'nthanomo ali ndi chida chake: mbalame ndi chitoliro, bakha ndi oboe, mphaka ndi clarinet, agogo ndi bassoon (zitatuzi ndi zida zoliza pouzira), mmbulu ndi malipenga atatu, alenje akawombera mfuti zimalira ndi ng'oma. Sifika n'komwe theka la ola.

Koma chachikulu ndi ichi: ayimve kaye kunyumba mpaka aizolowere. Ikani pophika, ikani m'galimoto, muziwafunsa kuti walowayu ndani. Wanga atamva malipenga aja muholo anandikoka malaya n'kunong'ona kuti mmbulu wafika. Mwana akamadikira chinthu chimene akuchidziwa amakhala phee payekha, simuchita kumuopseza.

Mphunzitsi wa kwaya

Ndionjezereko pang'ono, mayi. Ana auzeni chifukwa chake anthu amakhala chete, musangowalamula. Okestra siimbira pa zokuzira mawu. Anthu 80 kapena kuposerapo akhoza kugwedeza holo yonse, kenako n'kutsala chitoliro chimodzi chikulira motsitsa kwambiri, ndiye pepala la switi likangokhwekhwereza, mzere wonse waphonya. Ndinaona kuti ana akamvetsa zimenezi amayamba okha kuteteza bata.

Achenjezeninso za m'manja. Ife tinazolowera kuti nyimbo ikakoma timawomba pomwepo, nthungululu juu. Kumeneko nyimbo imodzi, monga symphony, imakhala ndi zigawo, kawirikawiri zinayi, ndipo oimba akapuma pakati sikuti yatha. Mwana aziyang'ana wotsogolera: akatsitsa manja n'kutembenukira kwa anthu, awombe mmene angathere.

Mipando sankhani yam'mwamba cha m'mbali, pafupi ndi khomo. Kutsogolo kwenikweni mwana wamfupi amangoona miyendo ya oimba. Ali m'mwamba amaona mauta a vayolini akukwera ndi kutsika pamodzi, amaonanso wa ng'oma kumbuyo akuwerenga nthawi yake. Ndipo fikani msanga. Asanayambe, wa oboe amaliza noti ya A, onse n'kuchuna zida zawo potsatira iyeyo. Mtsikana wanuyo akaizindikira, chifukwa pa vayolini yake pali nsambo ya A yomweyo.

Azakhali a ku London

Ine ndisiyana nawo pang'ono abambo a ku Leeds. Mtsikanayo musamuchedwetse chifukwa cha mlongo wake. Wa zaka 8 amene wagwira kale vayolini akhoza kupita yamadzulo. Ana athu amapirira mapemphero aatali Lamulungu lililonse, ola limodzi lingawakanike? Pitani awiri, mnyamatayo atsale ndi bambo ake. Pakati pa konsati pamakhala nthawi yopuma, ndiye akatopa tulukani pamenepo mtima uli m'malo, theka lomwelo lakwana.

Wamng'onoyo muyembekezere nyengo yotentha. Ku Royal Albert Hall, kuno ku London, kumachitika makonsati a BBC Proms kuyambira mu Julaye mpaka Sepitembala, ndipo kuyambira 2017 amakonzanso Relaxed Prom, komwe mwana amaloledwa kuyendayenda ndi kulankhula popanda womuyang'ana ndi diso loipa. Musanalipire konsati iliyonse, funsani za msinkhu, chifukwa ena salowetsa ana aang'ono kwambiri.

Make Awiri, Manchester

Zikomo kwambiri nonse. Azakhali, mwandimasula, sindinaganizeko zowalekanitsa. Ndipita kaye ndi mtsikanayu, ndipo Prokofiev tayamba kale kumvetsera madzulo ano. Aphunzitsi, ndifunseko: kuti aziona bwino a vayolini, tikhale mbali ya kumanja kapena kumanzere?