Thandizeni, chojambula changa chili pa matisheti popanda chilolezo

Moni nonse akuluakulu. Ndimajambula pamanja kuno ku Mzuzu. Chithunzi cha asodzi a ku Nkhata Bay chomwe ndinaika pa Facebook chikugulitsidwa pa matisheti mumsika, dzina langa la pakona yakumanzere atalidula. Wosindikiza ndinamupeza, akuti chinabwera ndi kasitomala pa foni. Ndinamulembera kalata yoti asiye, mpaka pano zii.

Umboni ulipo: chinsalu chenichenicho, zoyeserera za pensulo, tsiku lomwe ndinachiika pa intaneti, komanso tisheti imodzi yomwe ndinagula ndi lisiti yake.

Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito ngakhale yosalembetsa, koma ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, sindine membala. Kodi angalandire dandaulo langa, kapena ndiyambe ndalembetsa? Nanga woyenera kundilipira ndani, wosindikiza kapena wogulitsa?