Ku Munich kumapeto kwa Disembala, kwatsala masabata atatu: tigone kuti, tiyende bwanji?

MlendoWaChisanu

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za maulendo a ku Germany ndi Austria nyengo yozizira. Tchuthi chapezeka mwadzidzidzi, ndiye ine ndi akazi anga tikufuna kukafika ku Munich pa 27 Disembala ndi kubwerera pa 3 Januwale. Viza ya Schengen (yolowera maiko ambiri a ku Ulaya) tili nayo kale, ija yolowera kangapo, koma matikiti a ndege sitinagule ndipo malo ogona sitinapeze. Tikulakalaka kukaona Salzburg, nyumba yachifumu ya Neuschwanstein, phiri la Zugspitze, Nuremberg, ndipo ngati nkotheka Prague yomwe. Kodi tizigona malo amodzi n'kumapita m'mawa kubwera madzulo, kapena tizisamuka mzinda ndi mzinda? Tibwereke galimoto kapena sitima ikwanira? Nanga ndi ziti zoyenera kulipiriratu panopa?

NjanjiNdiMapu

Achimwene, musanatsegule mapu yambani mwaona za dzuwa. Masiku amenewo ku Munich kumacha cha m'ma 8 koloko, ndipo ikamakwana 4:30 madzulo kwada kale. Kuwala ndi kwa maola 8 basi, ndipo kukakhala mitambo ngakhale masana kumakhala kwachimbuuzi. Ndandanda yanu yonse iyenera kukwana m'maola amenewa.

Choncho gonani malo amodzi. Kusamuka kumadya tsiku: mahotela ambiri amafuna mutuluke pofika 11 koloko m'mawa, pomwe kwina amakulandirani kuyambira 3 koloko masana, ndiye maola a dzuwa aja mumathera mukukoka masutikesi pa chipale chofewa chosungunuka. Munich ili pakati penipeni pa malo amene mwatchulawo, kupatula Prague. Prague ichotseni. Kupita kokha ndi maola oposa 5, si ulendo wobwera tsiku lomwelo.

Tsopano werengani masiku amene muli nawodi. Pa 27 ndi tsiku lofika, pa 3 ndi lonyamuka. Pa 31 Disembala ndi pa 1 Januwale Neuschwanstein imakhala yotseka, ndipo pa 1 ndi holide dziko lonse. Otsala abwino ndi 28, 29, 30 ndi 2. Masiku anayi. Ikanipo maulendo atatu, limodzi lisiyeni lopanda kanthu kuti nyengo ikaipa mukhale ndi posunthira.

Chogula lero lomwe ndi tikiti ya Neuschwanstein, chifukwa sabata ya pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano masukulu amakhala atatsekera ndipo matikiti amatha msanga. Mkati simulowa nokha, amakulowetsani m'magulu, ndipo tikiti imalembedwa ola ndi mphindi yeniyeni yolowera. Mukachedwa ngakhale pang'ono gulu lanu lapita, tikiti yapsa. Ambiri amalakwitsa kuwerengera kwake. Sitima yochoka ku Munich kukafika ku Füssen, tauni yoyandikira nyumba yachifumuyo, imatenga pafupifupi maola awiri. Ku Füssen mukwera basi nambala 73 kapena 78 mpaka ku Hohenschwangau, mudzi wa m'munsi mwake, mphindi 10. Kuchokera apo pali chitunda cha mphindi 30 mpaka 40 wapansi, ndipo basi yokweza anthu pamwamba siyenda msewu ukaundana. Ngati munyamuka ku Munich itadutsa 9 koloko, sankhani nthawi yolowera ya cha m'ma 2 koloko, osati 12. Kuyenda mkatimo ndi theka la ola lokha. Mlatho wa Marienbrücke, pamene anthu amajambulira chithunzi chotchuka chija, amautseka kawirikawiri kukakhala madzi oundana, ndiye musauwerengere kwenikweni.

Za Nuremberg: ngati mukufunako chifukwa cha msika wa Khrisimasi, mudzapeza atapasula kale. Umatha pa 24 Disembala, chimodzimodzinso wa pa Marienplatz ku Munich. Mzinda wakalewo ndi linga lake la Kaiserburg ndi zoonekabe bwino, ndipo sizifuna kumwamba koyera, motero Nuremberg isungeni ngati ulendo wa tsiku limene kumapiri kwaphimba.

SitimaYa9Koloko

Ndikugwirizana ndi akuluwa, ndingowonjezera za matikiti a sitima, poti apa ndi pamene ndalama zimatayika pachabe.

Galimoto musabwereke. Ku Germany lamulo limafuna matayala a nyengo yozizira msewu ukakhala ndi chipale chofewa kapena ayezi, misewu ikuluikulu ya ku Austria imafuna chiphaso cholipira chotchedwa vignette, pakati pa Munich poimika galimoto ndi podula, ndipo mungamayendetse mumdima pamsewu woterera umene simunauzolowere. Konse kumene mwatchula sitima imafika kapena kukusiyani pafupi.

Tikiti yanu ndi Bayern-Ticket. Ndi ya tsiku limodzi, imakwana anthu mpaka 5, ndipo munthu wachiwiri amangowonjezera pang'ono pa mtengo wa woyamba. Imagwira pa sitima zonse za m'chigawo cha Bavaria, pa S-Bahn (sitima za mumzinda ndi madera ozungulira), U-Bahn (sitima za pansi pa nthaka), tramu ndi mabasi a mu Munich, ndiponso mpaka pa siteshoni yaikulu ya Salzburg ngakhale kuti ndi ku Austria. Misampha yake ndi itatu. Woyamba, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu imayamba kugwira 9 koloko m'mawa. Kukwera sitima ya 8:55 ndi tikiti imeneyi amakuonani ngati mulibe tikiti. Loweruka, Lamlungu ndi pa holide imagwira kuyambira pakati pa usiku, ndiye yang'anani kalendala: pa masiku anayi aja, ngati pali limene likugwa kumapeto kwa sabata mulipatse ulendo wautali kwambiri kuti munyamuke kusanache. Wachiwiri, sigwira pa sitima zothamanga, zija zolembedwa ICE, IC, EC kapena Railjet. Njanji ya ku Salzburg imayenda mitundu yonse iwiri, ndipo munthu wotopa madzulo amangolowa imene yaima patsogolo pake. Pa DB Navigator, pulogalamu ya pa foni ya kampani ya sitima, sankhani kuti izikuonetsani sitima za m'chigawo zokha. Wachitatu, ngati mwagula yapepala pa makina a pa siteshoni, lembani maina a nonse awiri ndi cholembera musanakwere.

Wina angakuuzeni za Deutschlandticket, ya mwezi wathunthu dziko lonse. Kwa inu ayi. Imayendera mwezi wa pa kalendala, ndiye ulendo wanu wodumpha kuchoka mu Disembala kulowa mu Januwale ungafune miyezi iwiri. Komanso imadzilipiritsa yokha mwezi ndi mwezi pokhapokha mutaithetsa, kawirikawiri pasanafike pa 10.

Ku Salzburg sitima ya m'chigawo imatenga maola osakwana awiri. Mzinda wakale ndi waung'ono, maola 5 akwanira: tchalitchi chachikulu, msewu wa Getreidegasse umene uli ndi nyumba imene Mozart anabadwiramo mu 1756, kenako kasitima kokwera ku linga la Hohensalzburg. Yambani ndi linga kukuwalabe, za m'misewu muone magetsi atayaka. Pasipoti musaisiye ku hotela, apolisi a Germany amayendera sitima zochokera ku Austria.

Kuchoka pa bwalo la ndege kwerani sitima ya S-Bahn, S1 kapena S8, mphindi 40 mpaka 45 kukafika pa siteshoni yaikulu, Hauptbahnhof. Mukagula tikiti yapepala yofuna kudinda, idindeni pa kabokosi kamene kali polowera. Chindapusa cha woyenda opanda tikiti yovomerezeka ndi mayuro 60, ndipo zoti ndinu mlendo samva.

MapepalaKaye

Bambo, mwati viza muli nayo, koma itsegulenibe muwerenge. Tsiku lothera lipitirire pa 3 Januwale, makamaka ndi masiku angapo, kuti ndege ikalephereka musapezeke mwakhalitsa. Onaninso chiwerengero cha masiku ololedwa: lamulo ndi masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo viza zina zimapereka ocheperapo. Pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka. Inshuwalansi ya chipatala ya mayuro 30,000 imene munaonetsa popempha viza inali ya ulendo uja, ulendo uno ufuna yake. Pa chipata angakufunseninso umboni wa malo ogona ndi tikiti yobwerera, ndiye zisindikizeni papepala. Kwa ena owerenga amene alibe viza: ofesi imatenga masiku 15 mwachizolowezi ndipo ingafike 45, osawerengera kudikira tsiku lokaonana nawo. Masabata atatu a mu Disembala ndi ochepa.

Ndege: gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Mukagula zidutswa ziwiri padera pofuna kutchipa, yoyamba ikachedwa chifukwa chochotsa ayezi pamapiko, kampani yachiwiri ilibe nanu mlandu, mugulanso. Posinthira ndege siyani maola osachepera awiri, atatu ngati ndi pamene mudzaonetse pasipoti polowa m'dera la Schengen. Malamulo a EU (mgwirizano wa maiko a ku Ulaya) amapereka chipukuta misozi cha mayuro 250 mpaka 600 ndege ikachedwa kwambiri, koma osati chifukwa cha nyengo. Chimene amakakamizidwabe kukupatsani ndi chakudya, pogona ndi ndege ina. Jekete, mankhwala ndi chovala chimodzi chosinthira zikhale m'chikwama cha m'manja, sutikesi ikatsalira musatsike pa madigiri a ziro mutavala malaya okha.

Malo ogona: funani kwa mphindi 10 wapansi kuchokera ku Hauptbahnhof, kapena pafupi ndi siteshoni ina iliyonse ya S-Bahn pakati pa Hauptbahnhof ndi Ostbahnhof (siteshoni ya kum'mawa), chifukwa njanji zambiri zimadutsa mumphanga umodzi womwewo. Misewu ina ya kumwera kwa siteshoni yaikulu ndi yaphokoso usiku, ndiye pemphani chipinda choyang'ana kuseri. Tengani mtengo wolola kubweza osalipira, ngakhale ukhale wokwererapo, ndipo werengani tsiku ndi ola limene mwayi wobwezawo umatha. Fufuzani mausiku 7 onse pamodzi, kenako muone mtengo wa usiku wa pa 31 pawokha. Nthawi zina usiku umodziwo ndi umene ukuchititsa kuti hotela ioneke yodzaza kapena yodula, ndipo kulankhula nawo mwachindunji kumathandiza. Nyumba yobwereka yokhala ndi khitchini ndi yabwino, koma funsani mmene mudzatengere makiyi mukafika usiku, komanso ngati muli chikepe. Nyumba zakale zambiri zilibe.

Ku Bavaria masitolo amatseka 8 koloko madzulo, Lamlungu ndi pa holide satsegula n'komwe, ndipo pa 31 ambiri amatseka masana. Gulani mkate, mkaka ndi zipatso pa 30. Mukaiwala, timasitolo ta pa siteshoni yaikulu ndi pa bwalo la ndege ndi timene timakhala totsegula. Chakudya cha usiku wa pa 31 bukitsanitu malo tsopano.

MlendoWaChisanu

Zikomo kwambiri nonse, Prague ndi galimoto tazisiya. Nanga Zugspitze tigule tikiti tsopano? Ndipo zovala tigule zotani, poti kuzizira kotere sitinakuzolowere?

ChipewaChaUbweya

Ya Zugspitze musagule tsopano, achimwene. Ndi ulendo wodula kuposa onsewo, ndipo zonse zimadalira kumwamba. Nsonga yake ili pa mamita 2,962, yaitali kuposa ina iliyonse mu Germany, ndipo mtambo ukakhala pamenepo mumalipira kuti mukaone utsi woyera. Pa tsamba la pa intaneti la Zugspitze pali makamera oonetsa pamwamba nthawi yomweyo. Yang'anani m'mawa musanachoke ku hotela. Chodabwitsa n'choti tsiku limene Munich yakutidwa ndi nkhungu, pamwamba pangathe kukhala dzuwa lowala bwino, chifukwa mpweya wozizira umakhazikika m'zigwa. Choncho musaweruze ndi zenera lanu. Mphepo ikalimba amaimitsa ngolo yoyenda pa chingwe, izonso amalemba pa tsamba lomwelo.

Sitima yopita ku Garmisch-Partenkirchen, tauni ya m'munsi mwa phirilo, ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka. Kuchokera apo pali sitima ya mano yokwera phiri, ndipo ku nyanja ya Eibsee mungasinthire ku ngolo ya chingwe imene imafika pansonga m'mphindi 10. Bayern-Ticket sikufikitsani pamwamba, tikiti ya phiri ndi yapadera. Funsani nthawi ya ulendo womaliza wotsika mukangofika. Pamwamba yendani pang'onopang'ono, mpweya ndi wochepa, ndipo amene ali ndi vuto la mtima ayambe wafunsa dokotala.

Zovala ndi zosanjikiza zitatu, osati chijasi chimodzi cholemera. Chamkati chogwira thupi chikhale cha ubweya kapena cha ulusi wa fakitale, osati thonje: thonje limamwa thukuta pokwera chitunda, mukaima limakuziziritsani. Pakati juzi, kunja jekete yosalowa mphepo ndi madzi. M'sitima ndi m'malesitilanti mumatentha kwambiri, ndiye muyenera kumatha kuvula n'kuvalanso. Ngati ndalama ndi zochepa, ziikeni pa nsapato. Zikhale zosalowa madzi, zamphira wa mano akuya pansi, ndipo zikule pang'ono kuti sokosi yokhuthala ilowe zala zikusunthabe. Nsapato yothina imaletsa magazi kuyenda, phazi limazizira ngakhale mutavala masokosi awiri. Onjezani magolovesi, chipewa chophimba makutu, mafuta a pamilomo, ndi magalasi a dzuwa a tsiku la kuphiri. Kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, motero Munich ikakhala pa ziro, pansonga yembekezerani kupitirira 10 pansi pa ziro, mphepo tisanaiwerengere.

Foni isungeni m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Batire ikazizira imatha kuzima ikuonetsa kuti ikadali ndi moto, ndipo matikiti anu ali momwemo. Power bank iyende m'chikwama cha m'manja, m'sutikesi yopita pansi pa ndege saloleza.

Pamodzi ndisiyane pang'ono ndi akulu a NjanjiNdiMapu: pa 31 musapawerenge ngati tsiku lotayika. Kukacha bwino tsiku limenelo, sitima ndi ngolo za ku Zugspitze zimakhala zikuyenda, ndipo mungabwerere ku Munich anthu asanayambe kuphulitsa makombola. Pa 1 Januwale pokha ndi pamene ndingati khalani mumzinda, muyende wapansi ku Englischer Garten kapena kumunda wa Nymphenburg. Nyumba zoonetsa zakale muyambe mwaona pa intaneti ngati zatsegula, zambiri sizitsegulanso Lolemba.